Maso Anayi pa Kachubu Kamodzi

Munthu akawafunsa ntchito imene amagwira, mayi aja ankayankha mosaphethira kuti, "Ndimaphikira tizilombo." Wofunsayo ankaseka, iwo osaseka, chifukwa zinali zoona. Analowa ntchito ku labu yoyeza madzi ali mtsikana wosakwatiwa, nakalambira momwemo, m'kachipinda kakumapeto kwa khonde, mmene munali sikelo, masinki awiri, ndi chimphika cha nthunzi chimene chinkafwenthera ngati chiphulika lero lomwe koma osaphulika. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Kuntchito, mumsewu wa kwawo, ngakhale adzukulu akafuna kuwaputa, onse ankangoti aMaphika.

Tizilombo ta m'madzi sitioneka ndi maso. Madzi atha kukhala mbee, ozizira, okoma pakhosi, chikhalirecho mwalowa za kuchimbudzi. Kuti utigwire uyenera kutinyengerera ndi chakudya, tidye, tiswane, tichuluke mpaka tidziulule tokha. Chakudya chimenecho ndicho ankaphika aMaphika. Ankayeza ufa wake pa sikelo, kusungunula m'madzi oyera, kuwiritsa akutakasa, kenako kulowetsa m'chimphika chija kuti chilichonse chamoyo chifemo. China ankathira m'timbale tagalasi nkumauma ngati phala lozizira, china chinkakhala chamadzimadzi m'timachubu. Akatero ankadonthezamo madzi oti ayezedwe, nkuika zonse m'kabati yofunda imene anthu a mu labumo ankaitcha Thadzi, poti ntchito yake inali kufungatira basi.

Tizilombo timene ankasaka kwambiri ndi ta mtundu wa makolifomu. Amenewa ndi apachibale koma makhalidwe awo ndi osiyana. Ena kwawo ndi m'dothi ndi m'masamba owola, ndipo akapezeka m'thanki ndiye kuti eni thanki ndi aulesi, akatsuke. Ena kwawo ndi m'matumbo a anthu ndi ziweto, ndipo akapezeka amenewo, abale, thamangani mukatseke mpopi. Kuti uwasiyanitse umawapatsa zakudya zosiyana nkuona mitundu. Msuzi wapepo ukasanduka wachikasu, ndipo m'kachubu kakang'ono kozondotsa kamene kali m'katimo mukaoneka kathovu, ndiye kuti alendo alipo. Pa mbale ina akumatumbowo amanyezimira mobiriwira ngati msana wa ntchentche ya kudzala. M'kachubu kena umadonthezamo mankhwala, pamwamba nkubwera mphete yofiira. Kenanso kamakhala kobiriwira, ndipo akudothi akadyamo amakasandutsa kabuluu, pamene akumatumbo amakasiya chomwecho. Ntchito yonse inali ya maso.

Malemu amuna awo, amene anali makaniko wa mabasi, sankatopa nayo nthabwala imodzimodzi. "Tizilombo timadya zoyeza pa sikelo," ankatero akutsegula mbale, "koma ine mwini nyumba mchere wake ndi wongoponya." AMaphika ankawayankha kuti tizilombo sitibwera kunyumba titanunkha dizilo. Koma kunena zoona, wonunkha anali aMaphikawo. Fungo la msuzi wa mu labu, longa nyama yowiritsa yosakaniza ndi chipatala, linkawamatirira m'tsitsi ndi m'zovala, moti mwana wawo wamkazi ali wamng'ono ankawazindikira ndi mphuno asanalowe pakhomo. Mwanayo anamenyanapo ndi mnzake kusukulu chifukwa chomunena kuti amayi ake amaweta matenda.

Pa benchi yowerengera ankakhala awiri. Winayo anali aMtali, mayi wautali ngati mlongoti, wa pakamwa poyabwa, amene anafika mu labumo aMaphika atangobereka mwana wawo uja. Awiriwa, mayo ine, ankakangana! Ankakangana za zenera, aMtali akufuna mpweya, aMaphika akuti fumbi ligwera m'mbale. Ankakangana za wailesi, za amene wamaliza shuga wa tiyi, za mmene munthu wanzeru amapotera thonje lotsekera pa chubu. Wobwera kumene ankaganiza kuti mawa mmodzi asiya ntchito. Koma aMaphika ataferedwa amuna awo, amene anagona nawo pansi mpaka nyumba itazolowera kukhala zii anali aMtali omwewo, akudandaula usiku ndi usana kuti mapilo a nyumba imeneyi ndi miyala.

Anali ndi lamulo limene anawasiyira mkulu wina wa ndevu zaimvi amene anawaphunzitsa ntchito onse awiri. Kachubu sikawerengedwa ndi munthu mmodzi. Wogwira amakakweza kuzenera, nkunena mokweza zimene waona: "Mphete yofiira." Amapatsira mnzake, mnzakeyo amayang'ana payekha, ndipo akagwirizana nazo amati, "Ndaonanso." Akasiyana, palibe kukambirana kapena kunyengererana, ntchito yonse imayambiranso. Ankasinthana, lero ayamba uyu, mawa uyo. Mkulu uja anamwalira kalekale, mabwana anabwera nkupita, koma mawu awiri aja ankamvekabe m'khonde m'mawa uliwonse, lina lokhuthala, lina lopyapyala, moti wokolopa ankawayeseza akamafinya chikolopa.

Kale ntchito inali ntchito. Timbale tagalasi ankatitsuka okha, kutipukuta, kutikulunga m'mapepala. Kawaya kotolera tizilombo ankakapinda okha, nkukawotcha pa moto wa gasi mpaka kafiire psuu, ndipo dzanja linkadziwa lokha nthawi yodikira kuti kazizire. Masana ankadyera kuseri kwa labu, pa masitepe, nsapato atavula, akuseka madalaivala obweretsa mabotolo a madzi. Pang'ono ndi pang'ono kunabwera timbale tapulasitiki totaya ukagwiritsa kamodzi, tizitsekero togula, ndi timapaketi tophikaphika kale. AMaphika ankatinunkhiza timapaketito nkukwinya mphuno. "Chakudya chopanda mwini," ankatero. Komabe zophika zawo sizinathe ntchito, ndipo achinyamata obwera ndi madigiri ankawapatsa ulemu, poti mbale yothira iwo inkakhala yosalala, yopanda ndi thovu limodzi lomwe.

Matenda a shuga anawalowa aMaphika mwakachetechete. Poyamba ankaloza chala magetsi, kuti mababu a masiku ano ndi achabechabe. Kenako analoza magalasi. Atapita kwa dokotala wa maso, iye sanazungulire: matendawa awononga kumbuyo kwa diso, magalasi sangathandize, tingathe kuchedwetsa koma zimene zapita zapita. Pakati pa chilichonse chimene ankayang'ana panakhala kamtambo ka mbuu. M'mbalimbali ankaona ndithu, moti ankayenda bwinobwino, kukwera basi, ngakhale kuwerenga manambala akuluakulu a pa sikelo atapendeketsa mutu. Kuphika manja ankadziwa okha. Koma kathovu kaja, mphete ija, kusiyana kwa kobiriwira ndi kabuluu, zonsezo zinamira mumtambo.

Sanauze munthu. Ankadziwa kuti tsiku limene adzaulule ndi tsiku lomwelo adzachoke pa benchi. Ndiye apite kuti? Kunyumba kunali mpando wa malemu ndi wotchi yapakhoma. Mwana wawo, amene anakwatiwa kutali, ankaimba foni sabata ndi sabata kuti, "Amayi, mwagwira mokwana, bwerani tidzakusungeni." Mawu akuti kusungidwa ankawabaya mumtima. Iwo ankafuna kudzuka m'mawa podziwa kuti Thadzi akuwadikira.

Ndiye anapeza nzeru, nzeru yake yoipa. Likafika tsiku loti ayambe iwo, manja ankapezeka ali ndi sopo. "Yambani inu anzanga, ndikusamba m'manja." Mawa lake magalasi ankachita nthunzi. Mkuja chifuwa. Posakhalitsa zinangozolowereka kuti woyamba ndi aMtali. Iwo ankati, "Kachikasu, kathovu kalipo," aMaphika nkulandira kachubu, kukakweza kuzenera, kukatembenuza pang'ono monga ankachitira kale, nkunena kuti, "Ndaonanso." Tisawapakepo mafuta apa, chimenechi chinali chinyengo, ndipo aMaphika ankadziwa. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, nanga kandionere? Tsiku lililonse mawu aja ankatuluka molemera, ndipo tsiku lililonse ankadziuza kuti mwezi ukatha anena. Miyezi inatha yambiri.

Kenako kunabwera madzi a sukulu ina yogonera komweko, kumene ana anayamba kutsegula m'mimba motsatizana. Ahedi a sukuluyo anatseka thanki nkubweretsa okha mabotolo, nkhope ili gwa. Machubu oyamba anasanduka achikasu, mathovu alimo, ndipo aMtali anawerenga, aMaphika navomereza mwa masiku onse. Makolifomu analimo. Chinatsala ndi kudziwa kuti ndi ati, akudothi kapena akumatumbo, ndipo machubu a funso limenelo anawaika mwa Thadzi kuti adikire tsiku lake.

M'mawa wa tsikulo aMtali anaterereka pa masitepe a kunyumba kwawo atanyamula beseni la zochapa, nkuthyoka fupa la m'chiuno. Uthenga unafika pa foni aMaphika akuvala chikhoti choyera.

Abwana a labu anali mayi wa msinkhu wa mwana wawo, waulemu, wothamangathamanga. Anasuzumira pakhomo, mafayilo ali kukhwapa. "Amayi, mwamva za anzanu? Tikawaone masana. Koma lero muwerenge nokha basi, ine ndili ndi alendo mu ofesi, ndipo ahedi aja akhala kale pakhonde. Lamulo lanu lija lipume tsiku limodzi. Ndani muno ali ndi maso oposa anu?"

Anatero nkupita, osadziwa kuti walasa pachilonda.

AMaphika anatseka chitseko. Anatsegula Thadzi, kafungo kofunda kaja nkuwapuma kumaso, natulutsa machubu. Manja ankaidziwa njira. Anadontheza mankhwala m'kachubu koyamba, kugwedeza pang'ono, kudikira. Anakakweza kuzenera. Mbuu. Anapendeketsa mutu kumanja, kumanzere, kubweretsa pafupi mpaka galasi linagunda magalasi awo. Ankaona chinthu chachikasuchikasu chikuyandama, koma pamwamba pake, pamene mphete imakhala, panali pomwe pakhala mtambo. Anatenga kachiwiri kaja. Kobiriwira kapena kabuluu? Kanali kakuda basi, ngati madzi a m'botolo la mankhwala. Anakanunkhiza koyamba kaja, poti mphuno inali isanawataye, koma mankhwala aja anaphimba zonse. Paja tsoka silinunkha.

Mumtima anayamba kudzinyengerera. Mphete ikanakhalapo, yofiira psuu, bwenzi ndaionako ngakhale pang'ono. Sindikuiona, ndiye kuti palibe. Thanki ya sukulu, masamba amagweramo, ndi akudothi amenewa. Kunja kwa chitseko ahedi ankalankhula pa foni, mawu akulowa bwinobwino. "Akangoti si zoopsa, titsuka thanki nkutsegula mipopi madzulo ano. Ana avutika, akukanganirana ndowa imodzi." AMaphika anawaona anawo m'maganizo, mmene mwana amamwera pa mpopi, kuwerama, dzanja kutchera pansi pa madzi, maso atatseka, osafunsa kanthu kwa wina aliyense.

Anakwezanso kachubu kaja komaliza, ndipo pakamwa pawo panatseguka pokha mwa chizolowezi. "Ndao..." Anadzimva. M'chipindamo munalibe amene ananena kanthu poyamba. Munali iwo, chimphika chozizira, ndi mpando wa aMtali utakankhidwira pansi pa benchi. Manyazi amene anawagwira pamenepo sanawamvepo chibadwire.

Anabweza kachubu pamalo pake, natuluka, kudutsa ahedi amene anaimirira ndi chiyembekezo, nakagogoda ku ofesi. Alendo anatembenuka onse.

"Abwana, pepani. Tabwerani mudzandionere."

"Ndidzaone chiyani amayi? Chavuta?"

"Zonse. Ine sindikuona."

Abwana anawayang'ana kanthawi, napepesa alendo, nawatsatira. Anatenga kachubu koyamba nkukakweza kuzenera. "Mphete yofiira," anatero. "Yopyapyala, koma ilipo." Anatenga kachiwiri. "Kobiriwira, sikanasinthe." Ndipo poti naye analizolowera lamulo la m'chipindamo, anatambasula dzanja kuwapatsira. AMaphika manja anawaika kumbuyo. Kenako anakhala pa mpando wa mnzawo. Akanangotsatira mtima wawo, madzulo amenewo ana akanamwa.

Thanki sinatsegulidwe. Anthu atakumba anapeza paipi yong'aluka pafupi ndi ngalande yochokera kuzimbudzi. Koma zimenezo aMaphika anadzazimva pambuyo. Tsiku lomwelo, ahedi atapita, abwana anakoka mpando nakhala nawo pafupi. Sanakalipe, ndipo kukalipa kukanakhala bwino. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kuyambira liti, amayi?" AMaphika ananena zonse, osachotsera. Abwana anapukusa mutu, misozi ili m'maso, nanena zimene onse awiri ankazidziwa, kuti pa benchi paja sangakhalenso. Zimene aMaphika anatenga pochoka zinakwana m'kajumbo kamodzi: kapu ya tiyi, nsapato zakuntchito zophwanyika kuchidendene, ndi chogwirira kawaya chimene chinasalala ndi zala zawo.

Kuchipatala anapita okha, nthawi ya masana yoonera odwala. Namwino anawalozera bedi lakumapeto, koma sanafunike kulozeredwa, poti mawu a aMtali ankamveka kuyambira pakhomo, akudandaula kuti bedi ndi lalifupi, mapazi akulendewera kunja ngati zovala pa chingwe.

"Mwabwera manja lendelende?" anatero aMtali. "Munthu ndathyoka, ngakhale kanthochi?"

"Kuthyoka kwake kwa ukalamba, mumathamangira chiyani ndi beseni?" AMaphika anakhala pamphepete pa bedi. Kenako zoseka anazisiya. "Anzanga, ine ntchito yatha. Ndabwera ndikuuzeni ndekha musanamve kwa ena. Maso angawa anafa kalekale. Nthawi yonseyi ndimangovomera zimene mwanena inu. Ndakhala ndikukunamizani."

AMtali anatembenuzira mutu kwa iwo. Kenako anati, "Madzi a ana aja?"

"Akumatumbo. Anawerenga abwana."

"Mwachita bwino." Anapuma mozama. "Koma zoti mumandinamiza, musadzitame. Inu kunama simutha. Manja a sopo tsiku ndi tsiku, ngati mumagwira ntchito yochapa? Ndinakayika. Ndiye tsiku lina, nthawi ya mvula ija denga linkadontha pa sinki, ndinatenga kachubu kobiriwira biriwiri, kosathiramo kanthu, ndinati, 'Kabuluu.' Inu munakakweza kuzenera, kukatembenuza mwaukatswiri, nkuti, 'Ndaonanso.'"

Mvula imene ankanenayo sinali ya chaka chino.

"Ndinapita kuchimbudzi ndinakalira," anatero aMtali. "Nditabwerako munandikalipira kuti ndachedwa."

"Ndiye osanena? Osandiuza ine, osawauza abwana?"

"Ndikananena akanakuchotsani. Ine ndikanatsala ndi ndani? Ana apulasitikiwa, oti ukawakalipira amakupepesa?"

"Nanga mukanalakwitsa inuyo tsiku lina?" Mawu a aMaphika anakwera, wodwala wa bedi loyandikana natembenuka. Mkwiyo unawagwira weniweni, wosadziwika kuti ukulunjika kwa ndani. "Madzi a anthu, anzanga! Ine wakhungu, inu mukudziwa, tonse awiri nkumaimba nyimbo pa zenera ngati zilipo?"

"Ndinkalawira," anayankha aMtali, mawu atatsika. "Ndinkafika inu musanabwere, kuona machubu onse ndekha, kuwabwezera mwa Thadzi, nkudzaonanso inu mutafika. Mumati ndayamba kukonda ntchito ku ukalamba. Koma maso ake anali omwewa, awiri. Ndinkadziwa kuti sizikukwana. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndinena. Lero m'mawa ndili gone pansi pa masitepe paja, chiuno chikuyaka moto, sindinkaganiza za chiuno. Ndinkaganiza kuti mayi uja ali yekha ndi madzi a ana, ndipo ndamusiya choncho ndine."

Mu wadimo munkadutsa ngolo ya mankhwala, tayala limodzi likulira. AMaphika anafuna kunena zambiri, zokalipa ndi zothokoza. Anamva mpweya wa mnzawo ukuduka pang'onopang'ono.

"Mukulira?"

"Ndilirenji ine? Ndi mankhwala awa, amayabwa m'maso."

AMaphika anayang'ana kumene kunkachokera mawuwo. Ankaona pilo, ankaona chitsulo cha bedi ndi mpango wa kumutu, koma pamene panayenera kukhala nkhope imene anakhala nayo moyandikana moyo wawo wonse panali mbuu. Anatambasula dzanja, napapasa pilo, kenako khutu, kenako tsaya. Linali lonyowa mpaka kuchibwano. AMtali, amene sankalola munthu kuwagwira ngakhale paphewa, sanasunthe mutu, ndipo dzanja lija linakhala pomwepo mpaka namwino anabwera kudzanena kuti nthawi yoona odwala yatha.